A Khuliwa ndi Mzere wa Pakati pa Sitolo

A Khuliwa anamwalira Lachiwiri m'mawa, mpunga uli pafupi kucha kudambo. Uthenga unandipeza kumunda. Ndinasiya khasu kwa mnansi n'kukwera njinga kulowera kwawo ku Mkhumba. Pa kamlatho ka matabwa ndinakumana ndi mayi wina wa mumpingo mwathu, amene anakhala zaka zambiri ku Limbe ndipo anali atangobwerera kumudzi. Anatula mtolo wa nkhuni, tinapatsana moni, kenaka anatsitsa mawu.

"A Matiya, ndamva za a Mapazi. Nanga mpingo ukayimba? Pajatu ine ndinachoka kuno ali odulidwa."

Funso limeneli ndinali nditayenda nalo mumtima zaka zambiri mayiwo asanandifunse. Kwathu kuno munthu akamwalira ali wodulidwa mumpingo amaikidwa mwakachetechete. Sipakhala nyimbo, sipakhala mkulu wa mpingo woima pamanda, amayi savala zoyera zawo. Abale amanyamula bokosi ngati akukabisa chinthu. Mayiwo ndinawayankha mwachidule chifukwa ndinali paulendo, koma yankho lonse ndi lalitali.

Dzina loti a Mapazi a Khuliwa analipeza kuntchito. Iwo ndiwo ankasamalira pansi pa sitolo yaikulu ya pa boma, ija yokhala ndi khonde lalitali ndi chitseko cha mbali ziwiri. Ankasamaliranso zipinda za resitihausi ina ndi ofesi imodzi, koma mtima wawo unali pa sitoloyo. Simenti yake inali yofiira, yowala moti munthu ukalowa m'mawa unkaona mashelefu ali chadodolido pansi pako. Wina akaponda pamene iwo sanamalize, osatukula n'komwe mutu ankangokuwa kuti, "Mapazi!" Mawu awo anali aakulu kuposa thupi lawo. Anakuwirapo amayi obereka ana, anakuwirapo wapolisi, anakuwirapo bwana wina wa ku ofesi amene anali atangofika kuchokera kuchigawo chapakati, ndipo bwanayo anabwerera chafutambuyo mpaka pakhonde asanadziwe amene wamukalipira. Mwana wothamanga ankalandira burashi pa akakolo. Sindikunena kuti zinali zabwino. Ndikungonena mmene analili.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wolankhula Chichewa chopendekera ku Chilomwe cha makolo ake. Mizere ya m'manja mwake inali yofiira ngakhale pa Khirisimasi. Ukakhala naye pafupi unkamva fungo la palafini ndi kandulo. Pa mawondo ankamanga zidutswa za tayala ya galimoto ndi mphira, ndipo akayenda nazo pakhonde anyamata ogulitsa mandasi ankati akupita kunkhondo.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata m'nyumba za mabwana a ku minda ya tiyi ku Mulanje. Ankati anthu ambiri amaganiza kuti kuwalitsa pansi ndi kupaka polishi, pamene ntchito yeniyeni ndi kuchotsa wakale. Polishi wopakidwa pamwamba pa litsiro ankamutcha bodza: amawala sabata imodzi, kenaka amada, n'kuyamba kumata ngati utomoni. Nchifukwa chake kamodzi pamwezi ankapala sitolo yonse mpaka simenti ioneke yotuwa. Ankawaza palafini kuti polishi wakale afewe, n'kumakanda ndi kachitsulo kophwatalala kamene anasula kuchokera ku khasu lakutha, m'makona n'kumapitamo ndi waya wotsukira mapoto. Akatero ankatsuka ndi madzi otentha ndi sopo, n'kutsegula mawindo kuti paume. Polishi ankapanga yekha: makandulo osungunula, palafini, ndi ufa wofiira wa kusitolo ya zomangira. Ankapaka mopyapyala ndi nsanza, kudikira kuti agwire, kenaka n'kuponda burashi ndi phazi limodzi, manja kumbuyo, akuyenda cham'mbali ngati wovina pang'onopang'ono. Pomaliza ankadutsamo ndi chidutswa cha bulangete. Masabata enawo ankangowonjezera kapolishi pang'ono ndi kupukuta. Koma zonsezi zinkafuna chinthu chimodzi, chimene iye ankachitchula kuti tsiku lopanda mapazi.

Mapazi a anthu ankawadziwa kuposa nkhope zawo. Akaona dothi losiyidwa pakhomo ankanena kumene munthu wachokera: lofiira ndi la m'mphepete mwa phiri, lotuwa ndi la pamsewu, lakuda lomata ndi la kudambo, cha ku Jenala. Lakudalo ndilo ankadana nalo kwambiri, chifukwa likalowa mu polishi wosauma silichoka ndi nsanza, limafuna kupala kachiwiri.

Chodabwitsa n'chakuti kunyumba kwawo kunalibe simenti. Pansi pa nyumba yawo pankazira akazi awo, mayi Esinati, ndi dothi la kudambo lomwelo. Tsiku lina a Khuliwa anayerekeza kunena kuti mbali ya kuchitseko sinasalale. Mayi Esinati anawapatsa mwala wozirira m'manja, n'kukhala pamphasa, n'kupinda miyendo.

"Zirani, bambo, tione. Ine ndikukuwirani Mapazi."

Kuyambira pamenepo za pansi pa nyumba yawo sanazitchulenso.

Munthu amene ankakangana naye tsiku lililonse anali mlonda wa sitoloyo, a Jailosi. Mlondayo ankasiya phulusa la moto wake pakhonde, ndipo mphepo inkalilowetsa m'kati. M'mawa uliwonse nkhani inali yomweyo.

"Iwe Jailosi, phulusali ndi la maliro a ndani?"

"Ndi la maliro ako, Khuliwa. Ndayamba kusonkhera moto."

"Ukanakhala mlonda weniweni ukanalondera phulusa lako."

Akatha kutukwanana ankagawana chinangwa chootcha pa moto womwewo.

Kale sitoloyo inali ya kampani, ndipo Loweruka inkatsekedwa masana. A Khuliwa ankatenga makiyi, kugwira ntchito yawo mpaka dzuwa kupendeka, Lamulungu n'kupezeka m'tchalitchi atavala jekete yawo yabulauni, pa benchi yachitatu mbali ya amuna. Ankayimba besi. Matipate atabwera zinthu zinasintha. Kampani ija inagulitsa sitolo kwa mayi Gondwe, amene amuna awo anali atagwira ntchito m'boma kuno n'kumwalira, iwo n'kusankha kukhazikika. Nthawi imeneyo aliyense anayamba kugulitsa. Pakhonde pomwe panadzaza mabenchi a sopo ndi mchere, timagolosale tinamera mbali zonse za msewu. Mayi Gondwe anaona kuti akatseka Loweruka masana, anthu a kumidzi akagula kwa ena. Anayamba kutsegula mpaka madzulo. Tsiku lopanda mapazi linatsala limodzi lokha, Lamulungu.

Benchi yachitatu inakhala ndi mpata. Patapita miyezi bwalo la akulu a mpingo linawaitana. Ine ndinali nditangosankhidwa kumene kukhala mkulu wa dera lawo. Anabwera atasamba, atavala jekete ija, n'kukhala manja ali pa mawondo. Abusa anawafunsa mofatsa ngati akudziwa kuti tsiku la Ambuye ndi lopuma.

"Ndikudziwa, abusa. Ndinalidziwa inu musanabadwe."

"Nanga bwanji mukugwira ntchito?"

"Ndipatseni tsiku lina lopanda mapazi. M'Phalombe monse muno mukalipeza, ndilitenga lero."

Mkulu wina, amene anali mphunzitsi, anati bwanji azigwira pakati pa sabata, mbali imodzi ya sitolo lero, mbali ina mawa, anthu azidutsa kumene sikukugwiridwa. A Khuliwa anamuyang'ana ngati wawauza kuti adye ndi dzanja lamanzere.

"Aphunzitsi, polishi wa lero ndi wa mawa sagwirizana. Pamene akumana pamatuluka mzere. Mukufuna ndisoke chigamba pakati pa sitolo, aliyense wolowa aziti a Khuliwa akalamba?"

Ine ndinapempha kuti tiwapatse nthawi, ndipo bwalo linawapatsa. Nthawiyo inatha iwo asanasinthe. Anadulidwa. Akulu anzangawo sindiwaweruza, lamulo analitsata monga analilandirira. A Khuliwanso sindinathe kuwaweruza. Ankanena kuti akhoza kulowa kalasi ya obwerera mawa lomwe, kunena kuti alapa, koma Lamulungu lotsatira adzapezeka atagwada m'sitolo, ndiye adzakhala atanamiza ndani? Kwa iwo kumeneko kunali kupaka polishi pa litsiro.

Popeza anali a dera langa, ndinkawayendera. Nthawi zina potuluka m'tchalitchi ndinkadzera ku sitolo n'kuima pawindo. Ndinkawapeza ali okha m'chinyumba chachikulucho, akung'ung'udza besi ya nyimbo zimene tinali titangoyimba, ngati kuti anali nafe. Belu la tchalitchi limamveka bwino pa sitolopo. A Jailosi anandiuza kuti likalira, burashi inkaima mpaka litasiya.

"A Khuliwa," ndinkatero pawindopo, "zaka zikupita."

"Zikupita, Matiya. Musaponde pakhomopo, sipanaume."

Mayi a kunyumba kwanga atamwalira kuchipatala, a Khuliwa anafika kwathu thupi lisanabwere. Sanandifunse. Anatulutsa mipando, n'kugwada pabalaza, pa kasimenti kathu kosweka, n'kupakonza mpaka kuwala. Anati mayiwo asadzagone pa fumbi. Mwambo utayamba anakakhala kutali, pansi pa mtengo wa mango, pamene pamakhala anthu osakhala a mpingo. Ndinawaona milomo ikuyenda, mawu osatuluka. Tsiku limenelo ndinali ndi chisoni changa, koma chithunzi chimenecho chinandikhalira. Ndinayamba kuopa kuti tsiku lina ndidzaima patali pa maliro a munthu ameneyu, Baibulo lili m'thumba, osaloledwa kulitsegula.

Amene anatsogola anali a Jailosi. Nawonso anali odulidwa, iwo chifukwa cha kachasu. Tinawaika nyengo ya dzinja. Ndinapita ngati mnansi chabe. Kuchokera kunyumba mpaka kumanda kunkangomveka mapazi m'matope ndi kulira kwa mlongo wawo. Pamanda mwinimbumba ananena mawu ochepa, anyamata n'kuyamba kukwirira, ndipo phokoso la dothi pa bokosi linamveka lonse, popanda choliphimba.

Pobwerera ndinayenda ndi a Khuliwa, ine ndikukankha njinga. Mawondo anali atayamba kale kuwavuta. Titayenda mtunda wautali anatembenukira kwa ine.

"Kunali zii, Matiya."

"Kunali zii."

"Jailosi ankakonda phokoso." Anaima n'kupukuta matope a kuphazi pa udzu. "Esinati akuti iye maliro otere sadzalira. Akuti adzangokhala m'nyumba n'kutseka chitseko."

Ndinapitiriza kukankha njinga. Ndinaphunzira kuti munthu ameneyu ukamukankha amabwerera m'mbuyo. Tinafika pa mphambano pamene njira zathu zimasiyana, ndipo anayang'ana kumbali, kuphiri.

"Kodi chingwe chachitali muli nacho kwanu?"

M'mawa mwake ndinapita kwa mayi Gondwe kukawapempha kuti a Khuliwa azigwira pakati pa sabata, chingwe chitagawa sitolo pawiri. Anali mayi wanzeru, wosachedwa kuyankha, ndipo anandimvetsera akuyeza shuga.

"Akulu a mpingo, ine za Lamulungu sizinandisangalatsepo. Koma mukuwadziwa a Mapazi. Lamulungu amakalipira makoma. Pakati pa sabata adzakalipira makasitomala anga, ndipo masiku ano kasitomala ukamukalipira amangowoloka msewu."

"Alonjeza kuti adziletsa, mayi."

"Alonjeza? Chabwino. Tiyese Lachitatu, si tsiku la msika. Koma akangokuwira munthu mmodzi, mmodzi yekha, chingwe chanucho mukamangire mbuzi, iwo abwerere ku Lamulungu lawo."

Lachitatu ndinafika ndi chingwe cha khonje. Tinakhoma msomali pakati pa kauntala, n'kumanga chingwe kuchokera pamenepo mpaka pa chitsulo cha pakati pa chitseko. Mbali ya kumanzere inali ya ogula, ya kumanja ya a Khuliwa. Ine ndinaima pakhomo kuti ndiziwongolera anthu. Kunali kutagwa mvula dzulo lake, ndipo aliyense ankabwera ndi matope.

Anthu sanachedwe kuzindikira kuti a Mapazi lero amangidwa pakamwa. Anayamba kuwaputa.

"Madala, mwatimangira khola lero?"

A Khuliwa anapitiriza kukanda.

"Ayi, iyi ndi nyumba ya malamulo," anatero telala wa pakhonde, atasuzumira. "Uku a boma, uku otsutsa. A Mapazi, inu muli mbali iti?"

"Ali mbali ya oima paokha," wina anayankha, sitolo yonse n'kuseka.

Mnyamata wina wonyamula katundu anatukula phazi lamatope n'kuliyendetsa m'mwamba pamwamba pa chingwe, akuwayang'ana. Ndinaona khosi la a Khuliwa likufufuma. Anaviika nsanza m'madzi, n'kuifinya mwamphamvu kuposa mmene inkafunikira. Mayi Gondwe ankaona zonse ali kuseri kwa kauntala.

Pofika masana mbali yawo inali itapalidwa, itatsukidwa, itauma. Anapaka polishi kuyambira kukauntala kubwerera kukhomo, ndipo anali atangomaliza, atakhala pa chitini chawo pakona kudikira kuti agwire. Nthawi imeneyo pansi pamakhala poterera kwambiri, ndipo chilichonse chogwerapo chimakanirira. Ine ndinayamba kupuma. Ndinkaganiza kuti choopsa chadutsa.

Ndinkayang'ana nkhope za anthu olowa, nchifukwa chake sindinawaone agogo aja. Anali okalamba kwambiri, opindika msana moti mutu wawo unkafika m'chiuno mwanga, maso otuwa ndi ng'ala, ndodo m'dzanja. Analowa m'mbali mwa mayi wina wosenza dengu, ndipo chingwe chinangowadutsa pamwamba pa msana osachimva n'komwe. Pamene ndinkatembenuka anali atalowa kale pa polishi wosauma, opanda nsapato, mapazi atakutidwa ndi matope akuda a kudambo. Kumbuyo kwawo kunali zidindo zakuda pa chofiira chija, chilichonse ndi zala zake.

Mayi Gondwe anaimitsa mbale ya shuga m'malere. Telala uja anachotsa chipewa, kaya chifukwa chiyani. A Khuliwa anadzuka pa chitini. Ndinaona chifuwa chawo chikudzaza mpweya, pakamwa patatseguka, mawu aja ali panjira. Ndinapemphera, ndipo sindikumbuka kuti ndinapempha chiyani.

Nthawi yomweyo ndodo ya agogo inatsetsereka. Anadzandira, dzanja lina likufufuza chogwira m'malere.

A Khuliwa anatseka pakamwa. Anaponda pa polishi wawo ndi mapazi awo omwe, chinthu chimene palibe anali atawaonapo akuchita, n'kuwagwira agogowo pa chigongono.

"Moseliwa, amama," anawapatsa moni m'Chilomwe, motsitsa mawu.

Agogo anayankha, n'kunena kuti achokera ku Jenala, akufuna mchere ndi singano. Kubwerera kukhomo kunali pafupi, koma kutembenuza munthu wokalamba pamalo poterera n'kumugwetsa. A Khuliwa anawatsogolera kutsogolo, kudutsa mbali yonse imene anagwira kuyambira m'mawa, akuwauza kuti vakhani vakhani, pang'onopang'ono, phazi limodzi kenaka linzake. Zidindo zinakhala za anthu awiri, kuchokera kukhomo mpaka kukauntala.

Atagwira kauntala, agogo anapuma, n'kulankhula mokweza monga amachitira anthu osamva bwino. Ambiri m'sitolomo ankamva Chilomwe.

"Mwana wanga, amene anazira nyumba ino sadziwa ntchito. Pakuterera ngati pa chithaphwi. Adzapha anthu."

Wina anaphulika kuseka n'kudzigwira pakamwa. Onse tinayang'ana a Khuliwa.

"Mwanena zoona, amama. Ndikamuuza."

Pamenepo sitolo yonse inaseka, mayi Gondwe mpaka kugwira m'mimba, agogo akudabwa kuti anena chiyani choseketsa. A Khuliwa anadikira kuti agule mchere ndi singano yawo, n'kuwatulutsa kudzera mbali ya ogula mpaka pamasitepe a khonde. Atabwerera anaima n'kuyang'ana zidindo zija. Kenaka anamanganso matayala pa mawondo, n'kutenga botolo la palafini ndi kachitsulo kawo, n'kuyambiranso kupala. Palibe anawaputanso. Mnyamata wonyamula katundu uja anakatenga madzi otentha osatumidwa.

Dzuwa likupendeka, mbali ya kumanja inali ikuwala. Mayi Gondwe anatuluka kuseri kwa kauntala, n'kuyang'ana pansi, n'kuyang'ana a Khuliwa.

"Mawa mbali inayo, bambo. Chingwe chisachoke."

Ndinakhala pa thumba la mpunga. Ndinali ndisanadye tsiku lonse, koma sindinamve njala.

Lachinayi a Khuliwa anamaliza mbali ya kumanzere, ndipo titamasula chingwe mzere unaoneka monga ananenera, wakuda pang'ono, wowongoka, kuchokera pa msomali mpaka pakhomo. Anauyang'ana nthawi yaitali manja ali m'chiuno.

"Sukuoneka kwenikweni," ndinatero.

"Matiya, ndinu mkulu wa mpingo. Musaname."

Lamulungu lotsatira jekete yabulauni inalowa m'tchalitchi. Sanakhale pa benchi yachitatu, anakhala kumbuyo. Analowa kalasi ya obwerera, munthu wa imvi pakati pa anyamata ndi atsikana amene anatsogoza mimba ukwati usanachitike, ndipo sanajombepo. Mafunso ankayankha mokweza ngati akukalipira wina. Pa tsiku lowalandira anaima kutsogolo kwa mpingo atagwira benchi chifukwa cha mawondo, mayi Esinati akulira mwakachetechete mbali ya amayi. Ine ndi amene ndinawapatsira mbale ya mkate wa mgonero. Zala zofiira zija zinatenga kachidutswa mosamala ngati kangasweke. Potuluka anandikokera pambali, ine n'kuganiza kuti anena za mumtima mwawo.

"Pansi pa tchalitchi pano ndani amapaka? Akungounjika."

Sanasanduke munthu wina. M'mawa sitolo isanatsegulidwe ankakalipirabe anyamata otsitsa katundu, ndipo mlonda watsopano anamva zonse zimene a Jailosi ankamva, ngakhale sankadziwa kubweza. Koma kasitomala sanamukuwirenso. Mzere uja sanaukhululukire. Anayesa kupaka mopyapyala pamalire, anayesa kupukuta mopingasa, sunachoke. Wina anawalangiza kuti azisuntha chingwe mwezi uliwonse, iwo anati ndiye kuti mizere ichuluka ngati munda wa mbatata, bola chipsera chimodzi. Msomali unakhala pomwepo zaka zonse zotsala.

Anasiya ntchito pamene mawondo anakana kupindika ndipo chifuwa chinayamba kuwavuta. Zaka zawo zomaliza anakhala pakhonde kwawo ku Mkhumba, akuyang'ana mapazi a odutsa n'kumawauza kumene achokera. Kutchalitchi ankabwera atakwezedwa pa njinga. Nditawaona komaliza anali ofooka, koma anandifunsa ngati m'sitolo akupalabe kapena angoyamba kukolopa ndi madzi. Ndinawauza zoona. Anatseka maso n'kupukusa mutu.

Ndiye mayi aja pa kamlatho ndinawayankha kuti, "Tikayimba, mayi. Kachapeni zoyera zanu." Anaomba m'manja kamodzi, mofatsa, n'kusenzanso nkhuni zawo.

A Khuliwa tinawaika Lachinayi. Nyimbo zinayambira pakhomo mpaka kumanda osaduka, amayi ovala zoyera atandanda mbali zonse za njira, amuna a besi akuyesetsa kudzaza pamene mawu awo ankakhala. Dothi pogwera pa bokosi silinamveke. Ndinatsegula Baibulo pamanda. Mayi Esinati analira maliro a amuna awo poyera, chitseko cha nyumba chili chotsegula.

Mayi Gondwe anabwera ndi antchito awo onse. Anali atatseka sitolo tsiku lonse, pakati pa sabata. Atagwada kupepesa, mayi Esinati anawagwira dzanja n'kuwayang'ana ndi maso otupa.

"Mwatseka lero, mayi? Tsiku lonse?"

"Tsiku lonse."

"Akanamva akanadzuka kukatenga burashi."

Sabata yathayi ndinalowa m'sitolomo kukagula palafini. Pansi sipawalanso. Kufiira kunatsala m'makona ndi pansi pa mashelefu, pakati ponse ndi simenti yotuwa imene mtsikana amakolopa m'mawa ndi madzi. Kuseri kwa chitseko, pamene pankakhala chitini ndi burashi, pali bwalo lofiira la kunsi kwa chitinicho, ndipo pamwamba pake pakhoma pali mbedza yopanda kanthu pamene ankakoleka matayala a m'mawondo. Msomali ukadali pa kauntala, wina anakolekapo timapepala ta pulasitiki. Koma mzere sunachoke. Pamene polishi wa mbali ziwiri ankakumana zaka zonse zija, anakhuthala kuposa pena paliponse, ndipo madzi sanamuthe. Ukuchokabe pa msomali mpaka pakhomo, wowongoka. Ndinaima pambali n'kuona anthu akulowa. Achinyamata ankangodutsa paliponse. Koma bambo wina wachikulire wa matope akuda anafika pakhomo, anayang'ana pansi, anapukuta mapazi pa sitepe, n'kulowera mbali ya kumanzere.